MUTU WA GARU WA CHIWEWE

Nkhani yokambidwa kwa mafumu ndi aphunzitsi a m'boma la Mchinji

Mafumu, aphunzitsi ndi makolo nonse, garu akapenga nayamba kuluma anthu pamudzi, alangizi a ziweto amatumiza mutu wache, kapena kachidutswa ka bongo wache, ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe kuti akaone ngati nchiwewe. Ambiri mwa inu munauona mutuwo ukuchoka, koma ndi owerengeka amene adziwa m'mene anthu a ku labotale amaugwirira.

Chiwewe chimadza ndi kachirombo kotchedwa vairasi. Nkakang'ono kwabasi, ndipo kamakhala m'malobvu ndi m'bongo wa garuyo. Munthu akafika poopa madzi, palibe dokotala angamchize. Chifukwa chache wopima bongo wa garu amayamba walandira katemera asanaigwire nchito imeneyi.

Malamulo a nyumba zosunga mavairasi ngouma. Munthu salowa wopanda mwinjiro, magolovesi ndi chotchinga m'maso. Sadyeramo, samweramo madzi, sasutiramo fodya, ngakhale kutafuna chimanga chokazinga nkoletsedwa. Kale opima anali kukoka madzi a m'botolo ndi kathete ka galasi pakamwa, monga mwana akokera thobwa ndi bango, ndipo ena anameza matenda. Lero amakoka ndi kachipangizo ka m'manja. Zinthu zoopsa amatsegulira m'kabati ya galasi imene imakoka mpweya kulowa m'kati, kuti kankhungu kouluka kasafike pamphuno pa munthu, ndipo mpweyawo umasefedwa usanatuluke. Nchito ikatha, zonse zimene zakhudza matenda amaziphika m'mphika wa nthunzi wotentha madigiri 121 asanazitaye kapena kuzitsuka. Botolo likasweka, satola magalasi ndi zala ai. Amafunditsa nsaru, nathirapo klorini, nadikira. Singano ikamlasa, wanchito ayenera kusamba msanga ndi kukanena kwa mkulu wache nthawi yomweyo. Lamulo ili ndilo lobvuta koposa, pakuti munthu amaopa kudzudzulidwa, koma wobisa bala amapita ndi matenda kwa mkazi ndi ana.

Malamulowa sanangopeka. Akulu akumbukira nthomba, imene inalengezedwa kuti yatha pa dziko lonse mu 1980. Munthu womaliza kufa nayo sanali wa kumudzi. Anali mai wojambula zithunzi ku Birmingham, ku Mangalande, mu 1978, amene chipinda chache cha nchito chinali pamwamba pa labotale yosunga kachirombo ka nthombayo.

Nyumba zotere ziri m'magulu anai monga mwa ukali wa tizirombo. Ya gulu lachinai iri ku Johannesburg, kumene wopima amabvala chobvala chophimba thupi lonse, napuma mpweya wodzera m'paipi. Wina anganene kuti zimenezo nzakutali. Koma mseu wodutsa pano pa Mchinji, ukapitirira Mwami ndi Chipata, umakafika ku Lusaka, ndipo mu 2008 mai wina wodwala anamnyamula pa ndege kuchoka ku Lusaka komweko kunka ku Johannesburg. Anthu ena anai anatenga nthenda yache. Pa asanuwo anafa anai, ndipo mmodzi wa iwo anali wokonza m'chipinda cha odwala. Atapima magazi anapeza vairasi yachilendo, naitcha Lujo, kutenga maina a mizinda iwiriyo. Taonani kuti kachirombo sikanasankhe wophunzira. Chomwecho wosesa ndi wotsuka mabotolo amaphunzitsidwa malamulo omwe aja a wopima.

Tsono tabwererani kumudzi. Garu yemwe uja amene wa ku labotale amamgwira ndi katemera m'thupi ndi magolovesi m'manja, anyamata amamdula mutu ndi chikwanje manja ali pamtunda, ena ali ndi zironda za khasu, ana atazinga kuonerera. Kenaka auponya m'thumba la feteleza, naumanga pa njinga, magazi akudontha. Ichi nchosayenera. Garu akaphedwa, musaphwanye mutu wache, pakuti bongo ndiwo ufunika popima, ndiponso ndimo muli matenda. Ingitsani ana, itanani mlangizi wa ziweto. Iye adziwa kuukulunga katatu, chotengera m'kati mwa chinzache, ndi kuusunga pozizira kuti usaole panjira. Thupi lotsalalo likwiriridwe m'dzenje lakuya, kumene agaru ena ndi afisi sangafukule.

Agaru sadziwa malire a Malawi ndi Zambia, ndipo garu woluma mwana wa sukulu kawirikawiri mwini wache sadziwika. Aphunzitsi, mwana akadza ndi bala la garu, ngakhale laling'ono, litsukeni ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo tsiku lomwelo apite ku chipatala kukayamba katemera. Asadikire yankho la ku Lilongwe.