Nkhosa za Sauli zisadzalire pakhomo panu

 Ana anga, khalani pansi, mwaima mokwanira lero.

M'mawa muja kutchalitchi pomanga ukwati wanu mwayankha bwino, mawu anu amveka mpaka kubenchi yakumbuyo. Koma pa Mateyu 21 Yesu anasimba za bambo amene anatuma ana ake awiri kumunda wamphesa. Wina anakana, kenaka mtima unamutsutsa, napita. Winayo anavomera mwaulemu, osapondako phazi. Amene anakondweretsa bambo ake mukumudziwa. Wophunzira wa Yesu sadziwika ndi yunifolomu ya Mvano kapena besi ya m'kwaya. Amadziwika ndi kumvera Ambuye chitseko chitatsekedwa, abusa ali kwawo.

Ndiyambe ndi inu bambo, chifukwa pamaukwati ambiri nkhani ya kumvera timaunjikira mkazi yekha, mwamuna n'kumangogwedeza mutu. Mukatsegule Aefeso 5. Paulo asanafike kwa akazi pa ndime 22, pa ndime 21 wayamba wauza onse kuti azigonjerana poopa Khristu. Ndipo katundu wolemera wasenzetsa inuyo: kukonda mkazi mpaka kutaya moyo. Petro naye, m'kalata yake yoyamba mutu 3, akuchenjeza kuti mwamuna wosalemekeza mkazi wake mapemphero ake amatsekereka. Ndiye mukamutukwana mwana wa eniyu Loweruka usiku, Lamulungu musadzivute n'kukweza manja m'mwamba.

Kumbukirani mfumu Sauli. Anatumidwa kukawononga zonse za Aamaleki. Anapita ndithu, nkhondo anamenya, anapambana. Koma anasunga mfumu Agagi pamodzi ndi nkhosa ndi ng'ombe zonenepa. Samueli atafika, Sauli anamulandira mosangalala, akuti ntchito yonse wagwira. Apo n'kuti nkhosa zikulira kuseri. Atapanikizidwa anati ziwetozo n'za nsembe, n'kulozanso chala anthu ake. Tsiku lomwelo anauzidwa kuti ufumu wamuchokera. Onani, Sauli sanakane Mulungu ayi. Anamvera zomwe zinamukomera, zotsalazo n'kuzivindikira ndi chopereka.

M'banja nkhosa zotere n'zambiri, ndipo apa ndikunena nonse awiri. Nambala ya chibwenzi chakale yosungidwa m'foni ndi dzina la makaniko. Ngongole ya katapila imene mnzako sakuidziwa. Malipiro oulula theka. Ndalama zotumiza kwanu mwakabisira pa Airtel Money, pamene ana m'nyumba ndiwo ndi nyemba sabata yonse. Chakhumi mutha kupereka mwezi ndi mwezi osaphonya, koma zimenezi zidzalira tsiku lina, alendo ali pakhonde.

Tsopano inu mayi. Lemekezani amuna anu pamaso pa anthu ndi kuseri komwe. Zofooka zawo musakaziyanike kusaluni kapena pa WhatsApp. Koma ndikuuzeni chimene alangizi ena amachilumpha. Safira anagwirizana ndi mwamuna wake Hananiya kubisa gawo la ndalama za munda umene anagulitsa. Patapita maola ngati atatu Hananiya atafa chifukwa cha bodzalo, Petro anamufunsa mkaziyo payekha, mpata wonena zoona unalipo, iye n'kubwereza bodza lomwelo. Nayenso anafera pomwepo, namuika m'manda pambali pa mwamuna wake. Choncho bambowa akadzati tiyeni kwa sing'anga tikakhwimire bizinesi, kapena sainani apa pamene mukudziwa kuti n'zachinyengo, kanani. Mwaulemu, mogwada ngati mukufuna, koma kanani. Kupirira zibakera nakonso Mulungu sanakulamuleni. Ankhoswe alipo, mpingo ulipo, ndipo kuyambira 2006 dziko lino lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja.

Lamulo limene limagwetsa ngakhale ife akulu a mpingo ndi la kukhululukirana. Ambuye sanapemphe, analamula. Mudzayambana, mwina mwezi uno usanathe, mwinanso pa ndalama za perekaniperekani zomwezi. Wolakwa apepese dzuwa lisanalowe, ndipo mwamuna pakamwa pake sipapsa akanena kuti pepani. Wolakwiridwa naye asatsegule kaundula wa milandu, zoti chaka chamawa n'kudzakumbanso za lero.

Inu makolo musaone ngati mwapulumuka. Buku la Genesis mutu 2 likuti munthu asiye bambo ndi mayi ake, ndiye kumvera kwanu ndiko kuwamasula anawa. Kukacheza kacheni, koma mphika wa mpongozi wanu musakauvundukule, ndipo malipiro a mwana wanu musawawerengere. Ankhoswe, akakugogoderani pakati pa usiku, dzukani, musadikire kuti katundu afike panja.

Ine ndalekera pomwepa. Amayi alangizi ali ndi malangizo awo a kuchipinda, amene makutu anga sayenera kumva.