Bwana Pickstone, Wobzala Mitengo ya Zipatso

Mau a chaka chino ali a munthu amene anadzutsa chigwa chimene chinali kufa.

M'chaka cha 1886 kachilombo kodya mizu, kotchedwa phylloxera, kanapezeka m'minda ya mphesa ku Cape. Pakuti alimi ambiri anali kukhulupirira mbeu imodzi yokhayo, chuma chao chinafota pamodzi ndi mphesazo, ndipo minda inatsika mtengo.

Tsono m'chaka cha 1892 kunafika Mngelezi wina, dzina lake Harry Pickstone, amene anaphunzira ulimi wa zipatso ku California. Analibe chuma, koma anadziwa kufesa mbande ndi kumezanitsa mitengo. Cecil Rhodes anamthandiza ndi ndalama zoyambira nazale. Pambuyo pake iye anakopa Rhodes kuti agule minda yofookayo ku Groot Drakenstein, napatsidwa udindo wakuiyang'anira. Ndiwo anatchedwa Rhodes Fruit Farms. Mapichesi ndi zipatso zina zinayamba kutumizidwa ku London m'zombo zokhala ndi zipinda zozizira, ndipo alimi ambiri anagula mitengo ku nazale yake. Anamwalira mu 1939, koma ntchito yake sinafe naye.

Phunziro lake nali: mudzi wokhulupirira fodya yekha uli pangozi yomweyo. Chifukwa chake membala aliyense abzale mango, malalanje kapena mapichesi pakhomo pake, awatchinjirize ku mbuzi ndi moto, naphunzitse ana ake kumezanitsa. Wobzala mtengo adyetsa ndi adzukulu amene sadzawaona.