Mbewu ya buledi sagula, amapatsana

Andipatsa mphindi zochepa kuti ndilankhulepo za kabotolo kaja kakuyenda m'makomo mwathu, kamene tikukatcha mbewu ya buledi.

Nonse mukudziwa mmene fulawa wakwerera. Tirigu wambiri yemwe timadya muno amachokera kunja, ngakhale kuti mapiri athu a Dowa ndi Ntchisi ndi ozizira moti tirigu amalola, monganso ku Tsangano ndi ku Neno. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu February 2022, tirigu adadula padziko lonse. Kenako mu November 2023 kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Fulawa tizigulabe, koma yisiti wa m'mapaketi titha kumusiya ndithu.

Mbewuyi ndi fulawa ndi madzi basi. Mukazisakaniza n'kuzisiya, timayisiti tachilengedwe ndi tizilombo tabwino tomwe tili kale mu fulawamo timayamba kudya n'kumatulutsa mpweya. Mpweyawo ndi womwe umatupitsa buledi, ndipo kuwawasa mukukumvako ndi kofanana ndi kwa thobwa logonera. Anzathu ochokera ku Ethiopia, ena mwa iwo ali pa Dzaleka pompa, amasunga timadzi ta ufa wosasa totchedwa ersho, n'kumathira pokonza injera yotsatira. Ndiye si zachizungu zokha ayi.

Kuyamba mbewu yatsopano kumatenga sabata yathunthu, ndipo mu June ndi July, ndi kuzizira kwa kwathu kuno, mpaka masabata awiri. Wopatsidwa ndi mnzake amaphika mawa lomwe. Zili ngati kukapala moto kwa aneba m'malo mopeka wako.

Mukalandira, muziidyetsa tsiku lililonse. Chotsani theka, onjezani masipuni atatu a fulawa ndi madzi okwanira kuti ikhale ngati phala lolimba. Madzi a pamjigo ali bwino, koma othira kolorini muyambe mwawasiya agone. Vindikirani, osamanga kwambiri. Ikatupa kawiri n'kudzaza thovu, yakonzeka. Theka mwachotsalo musataye, ndi lomwe mupatse mnzanu, kapena muthire m'mandasi.

Kaphikidwe kake nako. Madzulo sakanizani makapu anayi a fulawa, kapu imodzi ndi theka ya madzi, theka la kapu ya mbewu, ndi timasipuni tiwiri ta mchere. Shuga ayi, uyu ndi buledi wa mchere. Kazingani anyezi ndi adyo, zizizire, n'kuthiramo. Okonda tsabola, pang'ono chabe. Kandani, vindikirani ndi nsalu yoyera, zigone usiku wonse pamalo pofunda. M'mawa umbani, dikirani ola limodzi kapena awiri, kenako ikani mu poto wopaka mafuta. Uvuni tilibe eti? Chitani momwe amayi amachitira ndi chigumu: makala ochepa pansi, ambiri pachivindikiro, mphindi 40 mpaka 45. Mukagogoda kunsi kwake n'kumveka ngati ng'oma, wapsa. Ofuna kupulumutsa fulawa, kapu imodzi mwa anayiwo ikhale ya mgaiwa. Mukapyola pamenepo satupa bwino, chifukwa chimanga chilibe kunanda kwa tirigu komwe kumagwira mpweya.

Chenjezo limodzi. Timadzi totuwa pamwamba ndi njala chabe, tsanulani n'kudyetsa. Koma mukaona chuku, kaya chakuda, chobiriwira kapena chofiirira, tayani zonse, botolo mutsuke ndi madzi owira. Osapatsa munthu mbewu yotere, ndipo osagulitsa buledi wake.

Apa ndiye pagona nkhani. Mbewu ikamasungidwa nyumba imodzi, mwini wake akangopita kumaliro masiku anayi nyengo yotentha, tonse tagwira pansi, ndipo amene timafuna kumagulitsa pa Mponela kapena pa Malomo tsiku la msika tiyambirenso kudikira. Pempho langa ndi lakuti izikhala m'nyumba zosachepera zitatu nthawi zonse. Wolandira alembetse dzina kwa alembi, ndipo pakatha masabata awiri apatseko wina.

Amene mukufuna, bwerani ndi botolo loyera la pakamwa patali Loweruka likubwerali. Fulawa wodyetsera aliyense wakewake.