Chimfine cha mbalame si chitopa

Amayi ndi abambo, lero tikambirane za nkhuku.

Chitopa mumachidziwa, ndipo ambiri mumadontheza katemera wa I-2 m'diso la nkhuku. Musaleke. Koma kuli nthenda ina, chimfine cha mbalame, imene katemera ameneyu saigwira ngakhale pang'ono. Ndi maso simungazisiyanitse: nkhuku kutupa mutu, kupuma mobanika, kugwa zambiri usiku umodzi. Amene angatiuze zoona ndi a ku labotale ya ziweto ku Lilongwe, akayeza.

Mu 2017 nthendayi inabuka ku Zimbabwe ndi ku South Africa, mpaka inalowa ku Johannesburg Zoo, kumene mbalame zimakhala mumpanda, madokotala ali pomwepo. Mu 2023 inabweranso ku South Africa, nkhuku mamiliyoni zinaphedwa, mazira anasowa m'masitolo. Amene muli ndi ana ku Joni mukawafunse. Tsono ngati inadutsa mpanda wa kumeneko, nanga nkhuku zathu zongoyendayendazi?

Nthendayi imayenda ndi mbalame zam'madzi zouluka mitunda italiitali. Zikatera padambo zimasiya zitosi m'madzi. Bakha wanu amasambira momwemo, madzulo n'kubwera kudzagona khola limodzi ndi nkhuku. Apa ndiye pamandidetsa nkhawa, chifukwa bakha amatha kunyamula kachirombo ka nthendayi iye osaoneka kudwala. Abakha akhale ndi khola lawolawo. Nkhuku muzimwetsa madzi a pamjigo, osati a padambo, ndipo madeya muziika pansi pa denga, pomwe mbalame zakutchire sizingatere. Osunga mbalame kumalo ngati Johannesburg Zoo amachitanso zomwezi, kungoti iwo amaphimba ndi maukonde. Nkhuku yogula pamsika pa Malomo, kapena yopatsidwa kuchibale, itsekereni payokha milungu iwiri.

Ndikudziwa, nkhuku ikayamba kuwodzera timathamangira mpeni kuti ndiwo zisapite pachabe, kapena kuikweza panjinga kukagulitsa msangamsanga. Chonde musatero. Chimfinechi chimatha kugwira munthu. Ku Hong Kong mu 1997 anthu anafa nacho. Nkhuku yofa yokha musaisosole, musapatse galu. Valani jumbo m'manja, kwirirani dzenje lakuya, sambani ndi sopo. Anyamata a malegeni, mbalame yopezeka itafa kudimba isiyeni.

Nkhuku zikafa zingapo tsiku limodzi, uzani a mfumu ndi alangizi a ziweto dzuwa lisanalowe. Tsopano amene muli ndi abakha kwezani manja, tiyambire makola anu mawa m'mawa.