Chilumba Chonyenga: Pa Gombe la Opha Anamgumi

Tsikani m'bwato mmodzimmodzi, mutsogoze miyendo, ndipo musafulumire, pakuti mchenga wakuda bii uwu umatitimira pansi pa phazi monga phulusa la pamoto wadzulo, ndiponso kunena zoona ndi phulusa ndithu. Amene mwatsika kale senderani kuno, mufulatire mphepo, kuti mawu anga asauluke onse kunka kunyanja. Ndikuona ena mukudzandira ngati nthaka ikugwedezeka. Musade nkhawa, phiri silinayambe zake ayi, koma miyendo yanu ndiyo inazolowera kuvina kwa chombo masiku aja tinali kuoloka nyanja ya Drake, ndipo tsopano ikukana kukhulupirira kuti pansi pangathe kukhala bata.

Tisanapite patali, tatembenukani muone kumene mwachokera. Sicho chombo chathu Europa, chitaponya nangula, milongoti yake itatu ili njo, matanga ake atakulungidwa ndi manja anu omwe. Muli m'kati mwake simungachione bwino, monga munthu saona denga la nyumba yake ali gone pamphasa. Koma muli pano mungathe kuyesa ndi maso mamita ake 56, ndi kulingalira kuti kanthu kochepa chotere ndiko kanakunyamulani kuchokera ku Ushuaia, kutsika ndi mpata wa Beagle, n'kuoloka makilomita oposa 800 a madzi amene amazungulira dziko lonse lapansi osakumana ndi mtunda wowatchinga. Chinakhomedwa ku Hamburg m'chaka cha 1911, chili ndi dzina lina, Senator Brockes, ndipo pa unyamata wake wonse sichinadziwe ulendo: chinkangokhala pa nangula ku mathiriro a mtsinje wa Elbe, chitasenza nyale yolozera zombo zina njira. Chitakalamba pa ntchito imeneyo, anthu a ku Netherlands anachigula, nachikonza zaka zingapo, nachiimikira milongoti, ndipo kuyambira 1994 chikuyendayenda monga nkhalamba imene yalandira ufulu mochedwa nifuna kubweza masiku otayika. Chaka cha 1911 chimenecho muchisunge, chifukwa zitsulo zadzimbiri zili kumbuyo kwanuzi zinayamba ntchito chaka chimodzi pambuyo pake, ndipo taonani chimene chidakali chamoyo.

Mukakafika kwanu abale adzakufunsani chimene chinakulowani kuti mutulutse ndalama zankhaninkhani kugula tchuthi chodzutsidwa pakati pa usiku kukagwira chiwongolero, chokoka zingwe zonyowa ndi zala zouma gwa, chokumbatira chidebe pamene m'mimba mwatembenuka, chikhalirecho zombo zazikulu za injini zimaoloka madzi omwewa masiku awiri okha, alendo ake ali pathebulo. Yankho mukapeze nokha. Ine ndingonena chimene ndaona pa maulendo anga: munthu amene wafika kuno atachita ulonda wake wa maola anayi usiku ndi usana, ataona mbalame ya albatross ikutsata chombo osakupiza mapiko, atamva mphepo ikunka nizizira tsiku ndi tsiku kufikira phiri loyamba la madzi oundana litatulukira m'nkhungu, ameneyo amadziwa m'mafupa mwake kutalika kwa malo ano, ndipo akamva za anthu amene anakhala pa gombe lino, sawayesa a m'nthano.

Yang'anani tsopano ku dzanja lamanzere, kuseri kwa matanthwe aatali aja, kumene tinalowera m'mawa uno kaputeni atalamula kuti aliyense akhale chete. Mpata umenewo amautcha Neptune's Bellows, ndiko kunena mvukuto wa mulungu wa nyanja wa Aroma akale, chifukwa mphepo imapemerera pamenepo monga pa ng'anjo ya wosula makasu. Pakati pake, mamita awiri ndi theka okha pansi pa madzi, pabisala mwala wotchedwa Ravn Rock, ndicho chifukwa chake munaona chombo chikupanikizira kukhoma la thanthwe ngati chifuna kulikhula. Ndipo amene munali maso munaona tsidya linalo zotsala za kachombo kosakira anamgumi, Southern Hunter, kamene kanatsakamira pamenepo m'zaka za m'ma 1950.

Chilumba chino chili ngati nkhata yoduka pamalo amodzi. Kalekale linali phiri lalikulu lamoto, limene linaphulika n'kugwera m'mimba mwake momwe, nyanja n'kulowa pa mpata uja kudzaza dzenjelo. Motero chombo chathu chaima m'kamwa mwa phiri, ndipo phirilo silinafe, lingogona. Woyenda kunja amaona chilumba chathunthu chopanda polowera, ndipo ndicho chifukwa chake amalinyero oyamba, mwa iwo mnyamata wa ku America, Nathaniel Palmer, amene analowa muno mu Novembala 1820 ndi kangalawa kake Hero, anachitcha Deception, Chonyenga. Dzinalo linachiyenera koposa umo iwo anaganizira, pakuti doko labata chotere, lotchingidwa mbali zonse, m'nyanja yaukali ngati ino, ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Malamulo a pano ndi owerengeka. Musatole kanthu, kaya msomali, kaya fupa, kaya kamwala, pakuti zonse zili pano n'zotetezedwa pansi pa pangano la Antarctica limene mayiko 12 anasaina mu 1959. Musakhale pansi, musagwade, ndipo chikwama musachiike panthaka, kuopa kunyamula chimfine cha mbalame kuchoka gombe lina kunka lina. Mbalame za penguin muzisiyire mamita 5. Akatumbu a m'nyanja aja, amene akagona amaoneka ngati miyala, muwasiyire mamita 15, chifukwa amaluma, ndipo pa mchenga uwu amathamanga kuposa inu. M'nyumba zakugwazo musalowemo. Lipenga la chombo likalira, siyani zonse mubwerere kuno osafunsa chifukwa.

Tiyeni tsono. Pano pamene madzi akuthera, weramani osagwada, muvule golovesi, mupise chala mumchenga. Mwamva? Mayi, musadabwe, chotsani msanga chingapse. Nthunzi imene ikufuka m'mbali mwa gombeyi, ndi fungo ili longa la mazira owola, zikuchokera ku moto wa pansi pathu. Tinthu tofiira tambirimbiri tagona m'mphepetemu ndi krill, tizilombo ta m'nyanja tonga tinkhanu tating'onoting'ono, timene madzi otentha atiphika tamoyo. Musatipeputse: krill ndiye chakudya cha anamgumi, ndiye anawakokera kuno m'nyengo ya chilimwe, ndipo anamgumi ndiwo anakoka anthu.

Oyamba kubwera anali osaka akatumbu, m'zaka za m'ma 1820, ndipo pa zaka zowerengeka anawatha psiti pa zilumba zonse za South Shetland, nachoka. Kunakhala zii kufikira 1906, pamene Adolfus Andresen, munthu wa ku Norway wokhala ku Punta Arenas, anabwera ndi chombo chophikiramo mafuta a anamgumi naponya nangula pafupi ndi pamene pali chathucho. Anabwera ndi mayi wa kunyumba kwake, mmodzi wa akazi oyambirira kufika chigawo chino, pamodzi ndi mphaka ndi mbalame ya chinkhwe. Ndipo ine ndikaganiza za chinkhwe chija, cholengedwera nkhalango zotentha, chikuyang'ana chipale pa zenera, sindidziwa ngati ndiseke kapena ndichimvere chisoni. Zombo zinachuluka msanga, kufika 13 pofika 1914. Zinkangosenda mafuta a pansi pa khungu, mitembo n'kuitaya m'madzi, kotero kuti doko lonseli linadzala ndi nyama yowola, madzi ali psuu ndi mwazi, fungo losasimbika.

Imani apa. Miphika yachitsulo yaikuluikulu iyi, imene yapendekeka ngati nkhokwe zogwa ndi mvula, ndiyo mtima wa fakitale ya Hektor, imene kampani ya ku Norway inayamba kuyendetsa mu 1912 ndi chilolezo cha boma la Britain la ku zilumba za Falkland. Ntchito yake inali kutola mitembo imene zombo zinkataya, kuikokera pa bwalo lamatabwa, kuidula nthulinthuli, ndi kuphika nyama ndi mafupa ndi nthunzi kufikira dontho lomaliza la mafuta litatuluka. Mafutawo ankapita ku Ulaya kukasanduka sopo ndi majarini, ndipo pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse anatulutsamo mankhwala opangira zophulitsa, tero chinyama chofatsa chodya krill chinakaphedwera kuno kuti chikaphe anyamata m'maenje a ku France. Fakitale inatsekedwa mu 1931. Sikuti mitima inafewa ayi: mtengo wa mafuta unagwa, ndiponso kuyambira 1925 kunabwera zombo zokhala ndi chipata kumbuyo chokokerapo namgumi wathunthu, zimene zinkatsiriza ntchito yonse pakati pa nyanja osasowa doko, osapempha chilolezo kwa munthu. Kuphako kunangosamukira kumene kunalibe maso.

Matanki aakulu awa ankasungiramo mafuta. Mu 1941 chombo chankhondo cha Britain chinabwera kudzawononga mafuta ndi malasha otsala, kuopa kuti angathandize zombo za Germany. Tipitirire, apa palibe zambiri.

Nyumba yamatabwa iyi, yong'ambika pakati ngati yapondedwa ndi njovu, ndi Biscoe House. Poyamba inali chigono cha antchito a Hektor. Mu Febuluwale 1944 anthu a Britain, pa ntchito yachinsinsi yotchedwa Operation Tabarin, anafika pano nakhazikitsa malo awo, Base B, pambuyo pake nalowa m'nyumbayi, ndipo anakhalamo zaka zoposa 20 akuyesa nyengo ndi kujambula mapu. Mu Disembala 1967 phiri linadzuka. Malo a anthu a ku Chile, kumpoto uko ku Pendulum Cove, anakwiririka ndi phulusa, eni ake nayenda pansi mumdima wa masana, miyala ikugwa ngati matalala, kufikira atagogoda pa khomo lino. Ndipo onse pamodzi anapulumutsidwa ndi chombo cha Chile, Piloto Pardo. A Britain anabwereranso, poyesa kuti mkwiyo watha. Mu Febuluwale 1969 nthaka inang'ambika pansi pa madzi oundana a phiri ilo, Mount Pond, moto nusungunula chipale cha zaka mazanamazana pa kanthawi kochepa, ndipo chigumula cha matope, phulusa ndi zibuma za ayezi chinatsika ndi njira yomwe tikuyendayi, nichidutsa pakati pa nyumba. Chombo chomwe chija chinabweranso kudzawatenga, ndipo sanakhalemonso.

Dzina la chombocho lili ndi nkhani yake. Mu Epulo 1916, Ernest Shackleton ndi anthu ake, chombo chawo Endurance chitaphwanyidwa ndi madzi oundana, ali m'mabwato atatu osavundikira, analakalaka kufika pa gombe lino, podziwa kuti pamabwera opha anamgumi. Mphepo ndi kutopa zinawakaniza, nakatsikira pa Elephant Island. Amuna 22 amene anatsala kumeneko anatengedwa pa 30 Ogasiti 1916 ndi woyendetsa chombo wa ku Chile, Luis Pardo, ndipo ndi dzina lake limene linabwera kawiri kudzapulumutsa anthu pano patapita zaka zoposa 50. Inu amene munagwira chingwe usiku uja wa namondwe, muli m'zovala zosalowa madzi, msuzi wotentha ukukudikirani pansi, mungathe kulingalira pang'ono za mabwato atatu aja.

Apa tiyende mwakachetechete, ndipo abambo amene mungathe, vulani zipewa kwa kamphindi. Mitanda iwiri iyi ikuimira manda amene simukuwaona. Pano panagona anthu 35, ambiri a iwo a ku Norway, pamodzi ndi chikumbutso cha ena 10 amene nyanja inawatenga. Chigumula cha 1969 chinakokolola ena, nichikwirira otsalawo pansi pa phulusa tapondali. Anali akalipentala, osenda mafuta, osonkhezera moto, amuna amene anasiya akazi ndi ana kumapeto ena a dziko chifukwa kwawo kunalibe ntchito. Ndikanena zoipa za malonda aja, sindinena za iwo mopepuka, pakuti amene anadya phindu sanagone m'manda ano.

Chinyumba chamalata icho chakumapeto anamanga a Britain kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960 kuti azisungiramo ndege zawo. Koma ndege yoyamba kuuluka m'chigawo chonse cha Antarctica inanyamuka pa phulusa lomweli kalekale chisanamangidwe, pa 16 Novembala 1928, itanyamula Hubert Wilkins wa ku Australia ndi woyendetsa wake Carl Ben Eielson. Ndipo anali antchito a fakitale amene anawathandiza kusalaza bwalo ndi mafosholo ndi mawilibala. Tsidya ilo, kumene nkhungu yaphimba, kuli malo awiri amene anthu amakhalako m'chilimwe, a Argentina ndi a Spain. A Spain ali ndi zipangizo zomvera kugunda kwa phiri usana ndi usiku, ndipo akadaona choopsa sitikadalowa lero.

Tatsala ndi maola awiri. Amene miyendo ikulola, tsatani mnzangayo wa jekete lofiira m'mbali mwa gombe, mudutse mabwato amatabwa okwiririka theka, amene ankatungira madzi akumwa kupita nawo ku zombo, mukwere kufikira pa mpata uja wa pathanthwe, Neptune's Window. Amasimba kuti Palmer anaonera pamenepo mapiri a dziko lalikulu la kummwera. Kukayera mungathe kuwaona nanunso, koma musayandikire m'mphepete, miyala yake ndi yosakhazikika, ndipo m'mapangamo muli zisa za mbalame. Amene munalumbira pa chakudya chadzulo kuti musamba, matawulo ali pa bwato. Kukumba maenje mumchenga n'koletsedwa, ndipo ndikuchenjezeni kuti kufunda kuja kumathera m'akakolo, kupitirira apo ndi madzi a Antarctica enieni. Agogo, ndaona mukumasula kale zingwe za jekete. Sindikuletsani, koma mulowe dokotala ali pafupi.

Bwato lomaliza linyamuka 4 koloko. Pokwera chombo mutsuke nsapato ndi burashi mpaka kuzidendene, ndipo a ulonda woyamba musavule zovala zanu, pakuti kaputeni akufuna kutuluka pa mvukuto uja mphepo isanatembenuke, ndipo tikangotuluka pafunika manja pa zingwe.