Kuphunzitsa Tiana Tathu za Kubadwa kwa Ambuye Yesu

 Tithokoza Mulungu amene wasunga Chigwirizano cha Amayi m'Sinodi yathu ya Nkhoma kuyambira m'chaka cha 1940 kufikira lero lino. Ife amene tatumidwa kulankhula pano ndife amayi ophunzitsa tiana m'Sukulu ya Sabata ndi m'sukulu ya mkombaphala, ndipo mutu umene adatipatsa ndi uwu: tingaphunzitse bwanji ana a zaka 4 kufikira 8 za kubadwa kwa Ambuye?

Tiyambe ndi chimene chidatichititsa manyazi. Chaka china, mwezi wa Disembala utangoyamba, tidafunsa ana m'kalasi mwathu kuti, "Kodi Khirisimasi n'chiyani?" Wina adati ndi tsiku lodya mpunga ndi nkhuku. Wina adati ndi tsiku lovala deresi latsopano. Wina adati ndi tsiku limene abambo amabwera usiku ataledzera. Kamtsikana kena kamasiye, kokhala ndi agogo ake, kadayankha motsitsa mau kuti, "Kwathu Khirisimasi siifika." Ndipo pa tsikulo kamwanako sikadaoneke ku tchalitchi, poopa kuti anzake aseka zovala zake zong'ambika. Mwa ana onsewo palibe ndi mmodzi yemwe amene adatchula dzina la Yesu. Tidaona kuti mlandu suli pa ana ayi, uli pa ife amene tinkawaloweza vesi mothamanga osawafotokozera kanthu.

Amayi anzathu, ntchito yophunzitsa ana si yachilendo m'mapiri muno. Pamene Abusa A.C. Murray ndi Abusa T.C.B. Vlok adakhazikitsa mishoni ku Mvera, m'dziko la Mfumu Chiwere, pa 28 Novembala 1889, sukulu idayenda pamodzi ndi ulaliki. Chomwechonso ku Kongwe kuyambira 1894. M'chaka cha 1922 lidatuluka Buku Lopatulika lathunthu, ntchito imene adaitsogolera Abusa W.H. Murray, kuti mayi wa kumudzi athe kuwerengera mwana wake Mau a Mulungu m'chinenero chake. Akuluakulu adati m'mera mpoyamba, ndipo ife alimi tidziwa kuti chimanga chikafooka chikali chaching'ono, ngakhale uthire feteleza bwanji pambuyo pake, sichibereka bwino.

Tisanafike pa zochita, tikonze chinthu chimodzi chimene chimasokoneza ana. Zithunzi zambiri za Khirisimasi, za pa makhadi ndi za m'mafoni, zimaonetsa nyumba zokutidwa ndi chipale chofewa. Mnyamata wina adatifunsa kuti, "Nanga bwanji anthuwa ayanika ufa padenga?" Tiwauze ana kuti zithunzizo zichokera ku Ulaya ndi ku America, kumene Disembala ndi mwezi wa chisanu choopsa, pamene kwathu kuno ndi dzinja, nthawi ya mvula, mango ndi ngumbi. Buku Lopatulika silitchula mwezi kapena tsiku limene Yesu adabadwa. Zolembedwa zakale zisonyeza kuti m'chaka cha 336 mpingo wa ku Roma unkakumbukira kubadwa kwake pa 25 Disembala, ndipo mwambowu udafalikira kuchokera kumeneko. Tsono mwana adziwe kuti chachikulu si nyengo, koma Iye amene adabadwayo.

Choyamba: kusimba nkhani pang'onopang'ono. Mwana wamng'ono sangasenze nkhani yonse tsiku limodzi. Ife timaigawa pa Masabata anayi. Sabata loyamba, mngelo kwa Mariya (Luka 1:26-38). Lachiwiri, ulendo wa ku Betelehemu ndi kubadwa kwa mwana (Luka 2:1-7). Lachitatu, abusa a nkhosa (Luka 2:8-20). Lachinayi, anzeru a kum'mawa (Mateyu 2:1-12). Mayi ayambe wawerenga yekha kunyumba kawiri kapena katatu, kuti pofika m'kalasi atseke buku, akhale pamphasa pamodzi ndi ana, ndi kusimba monga achitira agogo madzulo. Koma awauze poyera kuti iyi si nthano ya kalulu ndi fisi, ndi zinthu zimene zidachitikadi. Asaonjezere zake. Mwachitsanzo, Mateyu sanena kuti anzeruwo adali atatu. Chimene atchula ndi mphatso za mitundu itatu, golide, lubani ndi mure.

Chachiwiri: sewero la kalembera. Makolo onse akumbuka kalembera wa dziko lino wa m'chaka cha 2018, ndipo achikulirefe tikumbuka wa 1977 ndi wa 1987. Timaika tebulo pansi pa mtengo, mwana wamkuluko akhala mlembi wa Kaisara Augusto, ndipo anzake azungulira tchalitchi katatu atasenza timitolo, kenaka aliyense afika patebulo kutchula dzina lake, mudzi wake ndi mfumu yake. Akatopa timawauza kuti kuchoka ku Nazarete kufika ku Betelehemu ndi mtunda wa makilomita ngati 140, kuposa kuchoka ku Lilongwe kufika ku Kasungu, ndipo Mariya adayenda ulendo umenewo ali woyembekezera. Seweroli lithandizanso mwana wamanyazi kuphunzira kuyankha akafunsidwa.

Chachitatu: kuumba. Apa sipafunika ndalama ngakhale tambala imodzi. Ana athu ndi akatswiri oumba ng'ombe zadongo kudambo, ndipo luso lomwelo tilibweretse m'kalasi. Anyamata aumbe ng'ombe, nkhosa ndi abulu. Ena amange kakhola ndi tsekera ndi udzu. Atsikana atenge chitsononkho, achikulunge m'kansalu koyera monga achitira pa masanje, ndi kuchigoneka m'modyera moumbidwa ndi dongo. Popeza ndi nthawi ya mvula, zoumbazo ziume pakhonde kapena pafupi ndi moto m'khitchini, ndipo ntchitoyi iyambike Sabata loyamba. Nzeru imeneyi si yathu yokha. M'chaka cha 1223, ku Greccio m'dziko la Italy, Francis wa ku Assisi adakonza modyera mwa udzu, nabweretsa ng'ombe ndi bulu zamoyo, kuti anthu wamba aone ndi maso umphawi umene Ambuye adabadwiramo. Pamene ana akuumba timawafunsa kuti, "Kodi m'khola mumamveka fungo lotani? Kodi mayi wanu angalole kugoneka khanda mmenemo?" Mayankho ake ndiwo phunziro la tsikulo. Tiwakumbutsenso kuti zoumbazo ndi zotithandiza kukumbuka chabe, sitizipembedza.

Chachinayi: sewero la pa tsiku la Khirisimasi. Lamulo lathu ndi lakuti mwana aliyense akhale ndi mbali yake. Abusa a nkhosa angathe kukhala khumi, angelo makumi awiri, ndipo tating'onoting'ono tikhale nkhosa. Zovala ndi zitenje za amayi a Chigwirizano, zofunda pamwamba pa zovala za masiku onse, kotero kuti sipaoneka mwana wa wolemera kapena wa wosauka. Nyenyezi tidula pa katoni ndi kuimangirira ku nsungwi. Tichenjezepo pa chimodzi: musabweretse ziweto zamoyo. Ife tidayesapo kubwereka kambuzi, ndipo kadadya udzu wonse wa m'modyera, kenaka kadathawira pansi pa mipando ya akulu a mpingo. Mpingo udaseka mpaka misozi, koma uthenga wa mngelo sadaumve ndi mmodzi yemwe.

Chachisanu: vesi ndi nyimbo. Vesi limodzi lalifupi pa Sabata likwanira, monga Luka 2:11, Mateyu 1:21 kapena Yohane 3:16, ndipo mayi ayambe wamasulira mau ovuta. Mwana angathe kunena "Mpulumutsi" chaka chonse osadziwa kuti ndi munthu wokuvuula pamene mtsinje wadzaza ukukukokolola. Nyimbo tisankhe m'buku la Nyimbo za Mulungu, ndime imodzi kapena ziwiri, ndipo ana aombe m'manja ndi kugwedeza maseche.

Chachisanu ndi chimodzi, chimene ife tiyesa chachikulu: kupatsa. Disembala ndi mwezi umene nkhokwe zambiri zayamba kupepuka ndipo udzu wakula m'minda. Loweruka lisanafike tsiku la Khirisimasi timatenga ana kukachezera nkhalamba kapena wodwala wa m'mudzi. Wina anyamula nkhuni ziwiri, wina mango, wina kambale ka ufa, ena atunga madzi ndi kusesa pabwalo, pamene ife amayi tigwira makasu kupalira mizere ingapo. Pomaliza ana aimba nyimbo yao ndi kunena vesi lao. Pobwerera timawafunsa kuti, "Anzeru aja adapereka golide, nanga inu mwapereka chiyani?" Mwana amene sadabweretse kanthu m'manja timamuuza kuti mphamvu zake zotungira madzi ndi mphatsonso.

Mwina mufuna kudziwa za kamtsikana kaja. Chaka chotsatira tidakafikira agogo ake ndi ana onse a m'kalasi, ndipo pa sewero ndiko kadakhala Mariya, katafunda chitenje cha mayi wina wa Chigwirizano. Titafunsanso funso lathu lija, kadayankha kuti, "Yesu adabadwira m'khola, ndiye kuti ngakhale kwathu angathe kufika."

Tsono pempho lathu kwa inu ndi ili. Nthambi iliyonse ya Chigwirizano isankhe amayi awiri kapena atatu mwezi wa Novembala usanathe, akakumane ndi aphunzitsi a Sukulu ya Sabata, adziwitse abusa ndi akulu a mpingo, ndipo agawane Masabata anayi aja. Alembe maina a ana amasiye ndi ena amene asiya kubwera, ndi kuwatsata kwao. Ndipo ife eni ake tiyang'anire m'nyumba mwathu, pakuti mwana amene waphunzira za mtendere m'kalasi, akapeza mowa ndi ndeu kunyumba pa tsiku lomwelo, adzakhulupirira zimene waona, osati zimene wamva.

Ambuye amene adabwera ngati khanda atipatse chipiriro ndi chikondi pa tiana timene adatisungitsa.