Thamangani Inuyo, Magazi Asathamange

Ana inu kumbuyoko sunthirani kuno kumthunzi, nkhaniyi ndi yanunso.

Munazolowera kuti ndikaima pabwalo pano ndiye kuti ndi za zimbudzi, za katemera kapena za mankhwala othira m'madzi. Lero ndabwera ndi ina. Komiti yathu ya zaumoyo yagwirizana kuti tikamaliza kukolola tichite mpikisano wothamanga wa mudzi wonse, ndipo andituma kuti ndifotokoze. Ndaona kale agogo uko akuseka. Sekani agogo, koma dzina lanu ndilemba.

Funso lili m'mitima mwanu ndikulidziwa. Munthu wogwira khasu kuyambira m'mamawa, wosenza ndowa kuchokera kumjigo, athamangirenso chiyani? Kuyambira Novembala mpaka Epulo sindingakutsutseni, khasu limakwana. Koma tinene zoona. Chimanga chikalowa m'nkhokwe, ena a ife tsiku limathera pa bawo. Wina ali muokala dzuwa kutuluka mpaka kulowa, wina pa makina osokera, ndipo ulendo umene kale tinkayenda wapansi lero tikukwera njinga yamoto. Tsono tikamayeza anthu kuno timapeza ena makina akuwerenga 140 pa 90 kapena kuposa, eni ake osamva kupweteka paliponse. Kuthamanga kwa magazi, kumene timati BP, sikuchita odi. Kumadziwika tsiku limene munthu wagwa, mkono ndi mwendo zafa mbali imodzi, kamwa yapotoka, ife n'kuyamba kulozana zala kuti wina wamulodza. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azigwiritsa ntchito thupi mpaka mtima kugunda mwamphamvu kwa mphindi 150 pa sabata, mwana mphindi 60 tsiku lililonse. Mphindi 150 musaziope, ndi theka la ola kwa masiku asanu. Ndiye thamangani inuyo, magazi asathamange.

Nanga bwanji sindikungoti aliyense azithamanga payekha? Ndinayesapo ine. Nditangofika kudera lino ndinadzuka m'bandakucha n'kuyamba liwiro. Ndisanafike pamlatho agalu anali pambuyo panga, ndipo bambo wina anatuluka ndi chibonga kufunsa kuti ndaba chiyani. Tsiku lachitatu ndinasiya. Kumudzi kuno wothamanga yekha ndi wakuba, apo ayi mutu wake sukuyenda bwino. Koma akadutsa bambo, mayi, ana awo ndi mlamu pambuyo akupuma wefuwefu, palibe wotola chibonga. Anthu amaseka tsiku loyamba, lachiwiri amafunsa kuti mawa munyamuka nthawi yanji. Ndipo tsiku limene ulesi wakugwira, bulangete likukoma ndi chisanu cha mu Juni, mnzako amafika pakhomo n'kukuitana ndi dzina. Manyazi amakudzutsa. Mpikisanowo ndi wa m'mawa umodzi wokha. Chimene ine ndikufuna ndi masabata 6 amene mudzakhale mukudzutsana pokonzekera.

Musamati izi ndi za m'tauni. Ku Mulanje kuli mpikisano wa chaka ndi chaka wotchedwa Porters Race. Unayamba ndi anthu onyamula katundu wa alendo okwera phiri, anthu a m'midzi ngati ife. Amanyamukira pa Likhubula, kukwera phiri n'kutsikanso, mtunda woposa makilomita 20, ndipo amayi amathamanga nawo. Catherine Chikwakwa, mwana wamkazi wa dziko lino, anathamanga pa masewera a Olympics ku Sydney mu 2000 ndi ku Athens mu 2004. Inu amene mukuti mulibe nsapato, Abebe Bikila wa ku Ethiopia anapambana mpikisano wa makilomita 42 ku Rome mu 1960 ali wopanda nsapato. Sindikuti mukaponde minga dala. Amene phazi lake linazolowera dothi athamange choncho, njira tidzaisesa. Chimene ndikukaniza ndi nsapato yobwereka kapena yogula dzulo lake pa kaunjika, imeneyo idzakutulutsani matuza musanafike patali. Patapata nayenso amavuka pa liwiro.

Kukonzekera kwake n'kotere. Bwalo la mpira la kusukulu mukalizungulira katatu ndiye pafupifupi kilomita imodzi. Sabata yoyamba thamangani mbali yaitali imodzi, mbali zinazo muyende, mpaka mutazungulira kanayi kapena kasanu. Chitani zimenezi masiku atatu pa sabata, kudumphitsa tsiku pakati kuti minofu ipume. Sabata yachiwiri muthamange mbali ziwiri, kenako zitatu, mpaka mudzaone kuti mwazungulira lonse osaima. Liwiro loyenera mulidziwa chonchi: ngati mukutha kucheza ndi mnzanu uku mukuthamanga, muli bwino. Mawu akayamba kudukaduka, chepetsani. Amayi apa simuvutika, nkhani simusowa. Anyamata ndi amene mumandidetsa nkhawa, mumachoka ngati mwaona njoka, pofika pamtengo wa mango uja mwagwira m'mimba. Akulu anati kuthamanga sikufika. Ntchafu zikawawa mawa lake musadabwe, zimatero kwa masiku awiri kapena atatu. Koma bondo likatupa kapena mukayamba kutsimphina, pumani ndipo mundione.

Abambo, ndimveni bwino apa. Pali ena amene adzati mkazi wanga sangathamange pagulu. Mkazi yemweyo amathamangitsa mbuzi m'munda mudzi wonse ukuona, simunalankhulepo. Amayi avale kabudula kapena thalauza mkati, chitenje pamwamba achimange chokwezeka pang'ono kuti chisakole miyendo. Ngati nsanje yakuvutani, njira ndi yapafupi: thamangani pambali pawo.

Tsopano tcherani khutu, chifukwa apa ndi pamene pangatuluke maliro tikachita chibwana. Aliyense wa zaka zoposa 40, komanso amene akumwa mankhwala a BP, a shuga, a mtima kapena a mphumu, ayambe wadzera kwa ine timuyeze, ndipo amene ndikayike naye ndimulembera kalata ya kuchipatala. Wa shuga asanyamuke ndi njala, atengenso nthochi kapena kashuga m'thumba. Amene thupi latentha, kapena wangomaliza kumene mankhwala a malungo, akhale pansi aziwombera anzake m'manja. Amayi oyembekezera kuyenda ndawala kukukwanirani, ndipo mukafunse kaye kusikelo. Mukamva kupweteka kapena kuthina pachifuwa, chizungulire, mdima m'maso, kapena mpweya ukukanika, imani pomwepo muitane munthu. Musati ndipirire ndimalize, anthu angandiseke. Za kachasu ndinene mosabisa: womwa usiku wake asabwere pamzere, ndidzamununkhiza ndekha. Mowa umaumitsa thupi. Imwani madzi dzulo lake, ndipo mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri dziwani kuti madzi achepa. M'mawa wake kaphala pang'ono kapena mbatata, kudakali maola awiri. Nsima ya mitanda isanu idikire mukabwerako.

Tasankha Julayi chifukwa kunja kumakhala kozizira ndipo chakudya chilipo. Mu Okutobala dzuwa lingatiphe, mu Febuluwale ndani angathamange ndi m'mimba mopanda kanthu? Tidzayamba 6 koloko m'mawa. Ana aang'ono kilomita imodzi pabwalo pompano pamene tikuwaona. Mabanja makilomita 3, wofuna kuyenda ayende. Amene akudzimva mphamvu makilomita 5. Njira tidzaiyeza ndi njinga yamoto, ndipo sidzakhudza msewu wa tala. Pakati panjira padzakhala ndowa za madzi othira mankhwala, aliyense ndi kapu yake, osati kapu imodzi mudzi wonse. Anyamata awiri a kabaza adzatsatira pambuyo penipeni kuti wotopa asatsale yekha kuthengo. Paja liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, ndiye a mfumu akadzaimba wezulo m'pamene tonse tinyamuke. Wobisala m'chinangwa kuti adzatulukire kutsogolo, nduna zidzakhala zili m'makona.

Za mphoto tinakangana kukomiti, ndipo ine ndinakana ndalama. Mukaika ndalama mudzaona anyamata achilendo ochokera kutali atenga zonse, mudzi n'kutsala ndi mkangano. Mphoto yaikulu idzapita kukhomo limene anthu ake ambiri afika kumapeto, ngakhale atafika chokwawa. Pamenepo agogo ali ndi mtengo wofanana ndi mnyamata wa liwiro, ndipo mudzaona zidzukulu zikuwagwira dzanja. Tikuganiza za sopo, makope ndi mapensulo. Wina anati tiikepo mchere, ndinati ayi, mchere womwewo ndi umene ukukweza BP. Munthu sayenera kupitirira kasupuni kamodzi kakang'ono pa tsiku, kuwerengera ndi wa m'ndiwo. Thobwa la pomaliza amayi a komiti ati aphika ngati khomo lililonse lisonkha mbale imodzi ya ufa.

Kuyeza BP ndiyamba Lachiwiri pansi pa mtengo uno, tikatha sikelo ya ana. Kope lolembamo mayina ndi ili, tilemba khomo ndi khomo. A mfumu, mwaulemu, tiyambe ndi khomo lanu. Mulemba angati?